Batire lathu la matope a ku Chia lafooka, kodi ndithiremo mankhwala?

"Ndine mphunzitsi wa sayansi pa sukulu ina ya sekondale yoyendera kuno ku Nkhotakota. Ine ndi ana a kalabu ya sayansi tinamva zoti matope amatulutsa magetsi, ndiye tinakatapa matope akuda m'mbali mwa nyanja ya Chia n'kuthira m'ndowa zitatu. M'ndowa iliyonse tinakwirira pansi kandodo kakuda ka m'kati mwa batire la tochi, kena tinakasiya m'madzi pamwamba pa matopewo, n'kumangirira mawaya. Tsiku loyamba mita inaonetsa volti 0.7 ndipo ana anakuwa ndi chisangalalo. Pano patha sabata ziwiri, mita ikungoonetsa 0.2, ndipo kababu ka LED sikanayakepo n'kamodzi komwe. Mnzanga wandiuza kuti ndithire potassium permanganate, amene tili naye m'kabati ya mu labu, m'madzi apamwambawo. Kodi nditero? Nanga tikazikonza bwino tingathe kutchaja foni? Ana ambiri kwawo kulibe magetsi, ndipo ndi zimene akuyembekezera."
Mphunzitsi, Nkhotakota

Aphunzitsi, mtima ukhale m'malo. Ndowa zanu sizinafe, ndipo zimene mwaonazi zimachitikira pafupifupi aliyense amene wapanga batire la matope koyamba. Ndathandizapo magulu angapo a ophunzira kupanga zimenezi kwa zaka zambiri, ndipo kalata yanu ndikanatha kuilemba ndine nditayamba kumene. Permanganate-yo ikhale m'kabati momwemo. Ndikuuzani chifukwa chake, koma tiyambe taona chimene chikuchitika m'ndowamo, chifukwa mukachimvetsa, zolakwika zambiri muzizipeza nokha.

Chamoyo chilichonse chikamadya chimaphwanya chakudya n'kuchotsamo maelekitironi, tizigawo tosaoneka ndi maso tonyamula magetsi, ndipo maelekitironiwo ayenera kukatulidwa penapake. Inu ndi ine timawatula pa okosijeni, n'chifukwa chake timapuma. Pansi pa matope palibe okosijeni, koma mabakiteriya amakhalamo ndithu, akudya masamba owola, ndere zakufa ndi zinyalala zina. Ena mwa iwo anaphunzira kutulutsa maelekitironi kunja kwa thupi lawo n'kuwapereka ku zinthu zolimba za m'dothi monga dzimbiri la ayironi. Odziwika kwambiri ndi a mtundu wa Geobacter, amene Derek Lovley anawapeza m'matope a mtsinje wa Potomac ku America mu 1987, ndi Shewanella oneidensis wa m'nyanja ya Oneida ku New York, amene anafotokozedwa mu 1988. Mabakiteriya oterewa akakumana ndi kandodo kanu ka kaboni amakatenga ngati dzimbiri lija, amamatirirapo n'kumatula maelekitironi pamenepo. Kandodo ka pansiko dzina lake ndi anode. Maelekitironi amakwera ndi waya kupita ku kandodo ka pamwamba, kotchedwa cathode, kumene amakumana ndi okosijeni ndi tizigawo ta hydrogen tochokera pansi pomwepo, n'kupanga madzi. Ulendo wa m'wayawo ndiwo magetsi. Nzeruyi si yatsopano: Michael Potter, mphunzitsi wa za zomera pa yunivesite ya Durham ku England, anaionetsa mu 1911 pogwiritsa ntchito yisiti ndi mabakiteriya.

Ana anu amadziwa za usodzi, ndiye auzeni motere. Mabakiteriya ndi asodzi, maelekitironi ndi nsomba, waya ndi msewu wopita kumsika. Msodzi angakhale ndi ukonde wabwino bwanji, ngati kumsika kulibe wogula, mawa sapitanso panyanja. Chinthu chimene chimalandira maelekitironi kumapeto kwa ulendo ndicho wogula. Ndipo wogula akapalasa bwato lake n'kukakumana ndi msodzi pakati pa madzi, nsomba sizidutsanso pamsewu wanu. Batire la matope lonse lagona pa mfundo ziwiri zomwezi: kumsika, pa cathode, kukhale wogula wa ndalama zambiri nthawi zonse, ndipo pansi pa matope, pa anode, wogula aliyense asafikepo.

Ogulawo alipo angapo ndipo mitengo yawo ndi yosiyana. Mungawaone ndi maso pa dambo lililonse. Tengani khasu mudule thope la m'mbali mwa Chia kapena la m'munda wa mpunga ku Bua, muliyang'ane m'mbali. Pamwamba penipeni pali kachikopa kofiirira kochindikala ngati chikhadabo kapena kuposerapo pang'ono. Pamenepo ndi pomwe okosijeni amafika. Okosijeni akatha mabakiteriya amatembenukira kwa nitrate, kenako manganese, kenako ayironi, ndipo apa dothi limasanduka lotuwa mobiriwira chifukwa dzimbiri lasungunuka. Mukapitirira pansi mupeza thope lakuda bii lonunkha ngati dzira lovunda: kumeneko wogula ndi sulphate, ndipo fungolo ndi mpweya wa hydrogen sulphide. Sulphate naye akatha pamatsala tamoyo topanga methane, ndiwo timathovu timene timatumphuka mukaponda m'dambo. Ngakhale nyanja yathu yaikuluyi ili chimodzimodzi: kupitirira mamita pafupifupi 250 kutsika pansi madzi ake alibe okosijeni, n'chifukwa chake nsomba sizikhala kumeneko ngakhale nyanjayi ndi yakuya mpaka mamita 700.

Mitengoyi akatswiri anaiyeza m'mavolti. Chakudya chimene Geobacter amakonda, chotchedwa acetate, chimene chimapangika zomera zikamawola, chimakhala pa volti pafupifupi 0.28 kumunsi kwa ziro. Okosijeni ali pa 0.82 kumtunda kwa ziro. Kusiyana kwake ndi volti 1.1, ndipo pamenepo ndi padenga: ndowa imodzi ya okosijeni singapitirire pamenepo ngakhale mutaikonza bwino chotani. Zenizeni, ndowa yabwino imaonetsa pakati pa 0.6 ndi 0.8 ikakhala kuti sinalumikizidwe ku chilichonse, ndipo imatsika ikayamba kugwira ntchito. Nitrate ali pa 0.74 akamasanduka mpweya wa nitrogen, pomwe sulphate ali pa 0.22 kumunsi kwa ziro, pafupi kwambiri ndi chakudya chija, moti phindu lake ndi lochepetsetsa. Okosijeni ndiye wogula wabwino koposa pakati pa opezeka mwaulere. Vuto lake ndi limodzi: ndi wozengereza. Pa kaboni wamba amalandira maelekitironi pang'onopang'ono, n'chifukwa chake m'malabu akuluakulu amapaka chitsulo chodula cha platinum pa cathode kapena kugwiritsa ntchito makala apadera a timabowo tambirimbiri otchedwa activated carbon. M'mabatire a matope ambiri amene ndawaona, mbali yofooka imakhala ya pamwambayi, osati ya mabakiteriya.

Tsono n'chiyani chagwetsa ndowa zanu kuchoka pa 0.7 kufika pa 0.2? Ndikukayikira kuti 0.7 wa tsiku loyamba uja sanali wa mabakiteriya yekha. Mabakiteriya amatenga sabata imodzi mpaka zitatu kuti amange mudzi wawo pa anode, kotero batire loona la matope limayamba motsika n'kumakwera. Loyamba pamwamba n'kumatsika nthawi zambiri limakhala ndi chinthu china chikuthandizira mobisa. Phala lakuda limene limazungulira kandodo m'batire la tochi muli manganese dioxide, ndipo iyeyu ndi wogula wamphamvu wa maelekitironi. Ngati tindodoto simunatitsuke bwinobwino, phala lotsalira pa cathode linagula maelekitironi mofulumira masiku oyamba mpaka linatha. Chinanso ndi waya. Waya wa kopa wosenda akakhudza madzi kapena matope amayamba kudyeka, ndipo kudyekako kumasokoneza zimene mita ikuonetsa. Ine zinandichitikira: ndinafukula anode patatha mwezi n'kupeza pamfundo pabiriwira, waya watsala pang'ono kuduka, ndipo thope lozungulira pamenepo linali litasintha mtundu. Kopa ndi poizoni kwa mabakiteriya omwe mukuwawetawo. Chimodzimodzi misomali ndi zidutswa za malata: zimapereka mavolti okongola, koma ndi chitsulo chikudyeka, si mabakiteriya.

Kenako yang'anani cathode yanu lero lino. Kodi yamira n'kugona pa thope? Kodi yakutidwa ndi zoterera? Madzi ofunda a kuno kunyanja amasunga okosijeni wochepa kwambiri, pafupifupi mamiligalamu 8 pa lita akakhala pa madigiri 25, ndipo amachepera pamenepo kukatentha ngati mu Okutobala. M'ndowa yongokhala phee, mabakiteriya ena a m'madzimo amamaliza kaokosijeni kameneko kasanafike pa kandodo. Mpweya umene tikupumawu gawo 21 pa 100 ndi okosijeni, ndiye cathode iyenera kukhala theka m'madzi theka kunja, yonyowa koma yopuma. Ndipo kandodo kamodzi ka batire la tochi ndi kakang'ono zedi. Kuli ngati msika wa benchi limodzi.

Mbali ya pansi nayo muione. Ngati madzi anaphwa mpaka thope kuchita ming'alu, kapena ana amavundula ndowa pofuna kuona, okosijeni analowa pansi ndipo wogula wakumana ndi msodzi pakati pa nyanja. Thope lochokera m'munda mmene mwangothiridwa feteleza wa CAN limachitanso chimodzimodzi kwa kanthawi, chifukwa nitrate wa mufetelezayo amalanda maelekitironi asanakwere waya. Chomaliza, chimene ambiri sachidziwa: ngati mawaya awiriwo amangokhala osalumikizana, n'kumangowagunditsa ku mita poyeza basi, msewu ndi wotseka tsiku lonse. Mabakiteriya sangamange mudzi pa anode imene sikuwalandira katundu.

Tibwere kwa permanganate. Mnzanuyo sananame. Permanganate ndi wogula wa ndalama zambiri kuposa okosijeni, ndipo ofufuza amamugwiritsa ntchito n'kupeza mavolti okwera. Koma iwo amakhala ndi zipinda ziwiri zolekanitsidwa ndi kachikopa kapadera kamene kamaletsa mankhwalawo kuwolokera kwa mabakiteriya. Ndowa yanu ndi chipinda chimodzi. Inu nomwe mumawaonetsa ana m'kalasi momwe kambewu kamodzi ka permanganate kamafalikira m'madzi mpaka galasi lonse kusanduka lapepo; m'ndowamo adzafalikira chimodzimodzi, adzalowa m'thope, adzapsereza chakudya cha mabakiteriya ndi kupha mabakiteriyawo, pakuti ndi mankhwala ophera majeremusi. Mita idzalumpha kwa maola angapo, ana adzasangalala, kenako madzi adzasanduka abulawuni ndipo mudzatsala ndi ndowa yofooka kuposa poyamba. Ndiponso wogula ameneyu amatha. Mukamagula botolo lina nthawi ndi nthawi, magetsiwo akuchokera ku fakitale imene inapanga mankhwalawo, osati ku matope a ku Chia. Amawotcha khungu ndi maso akakhala wamphamvu, amayatsa moto akakumana ndi glycerine, ndipo madzi ake akatayidwa kumtsinje amapha nsomba.

Mukamawerenga mudzakumananso ndi potassium ferricyanide. Mtengo umene amagulira maelekitironi ndi wotsika, volti 0.36, koma amalandira maelekitironi mwachangu kwambiri, choncho amakondedwa m'malabu poyesa mphamvu za mabakiteriya. Nayenso amatha, ndipo akasakanizidwa ndi asidi wamphamvu amatulutsa mpweya wa cyanide wakupha. Wogula wina wotchedwa dichromate musamuyandikire n'komwe, amayambitsa khansa. Amene ndimamulemekeza pa gulu limeneli ndi nitrate, chifukwa ofufuza a ku yunivesite ya Ghent ku Belgium anaonetsa mu 2007 kuti mabakiteriya ena okhala pa cathode angathe kulandira maelekitironi n'kusandutsa nitrate wa m'madzi oipa kukhala mpweya wa nitrogen. Apo ndiye kuti madzi akuyera uku timagetsi tikutuluka. Koma zimenezo zimafuna chipinda chotsekeka bwino, si za ndowa yapasukulu.

Chimene ndingachite ndikanakhala inu ndi ichi. Ndowa imodzi isiyeni momwe ilili kuti ana azifananiza. Ziwirizo yambaninso. Sonkhanitsani tindodo tambiri, tisanu kapena khumi pa mbali iliyonse, mutitsuke ndi madzi ndi mchenga mpaka phala lonse litachoka. Onjezani makala, koma muyambe mwawayeza ndi mita yanu pa mbali ya ma ohm, chifukwa makala ambiri a pamsika sanapse mokwanira ndipo sadutsa magetsi. Amene apsa kwambiri mpaka kufiira psuu, monga otsala m'ng'anjo ya njerwa kapena otenthedwanso m'chitini chotseka cha kabowo kamodzi, ndiwo amadutsa bwino. Zitsononkho za chimanga zimapanga makala otere osadula mtengo. Kulungani makalawo ndi tindodoto pamodzi m'kaneti kuti zigundane zolimba. Pamfundo pamene waya wakumana ndi kaboni pamatidwe ndi phula la kandulo kapena guluu wosalowa madzi, kopa asaoneke ngakhale pang'ono. Anode ikwiririke masentimita 8 mpaka 10 pansi pa thope loponderezedwa bwino, lopanda timatumba ta mpweya. Pamwamba pakhale madzi a masentimita ochepa okha, chifukwa madzi athu a m'nyanja alibe mchere ndipo sadutsa magetsi bwino ngati a m'nyanja zamchere. Mtunda ukatalika pakati pa anode ndi cathode mphamvu imathera panjira. Cathode ikhale yaikulu kuposa anode, ndipo muiyandamitse pa zidutswa za patapata wakale, monga asodzi amachitira ndi maukonde awo.

Mukatero lumikizani mawaya awiriwo kudzera pa resistor (kachipangizo kochepetsa mayendedwe a magetsi) ya ma ohm 1000, ya muwailesi yakufa imakwana, ndipo muisiye choncho usana ndi usiku. Muziyeza mavolti pa miyendo iwiri ya resistor-yo nthawi yofanana tsiku lililonse, ana azilemba m'kope. Muziwonjezera madzi pang'onopang'ono m'mbali mwa ndowa osavundula, ndipo akakhala a pampopi ayambe agona usiku kuti klorini achoke. Masiku oyamba manambala adzakhala ogwetsa ulesi. Kuona maso a nkhono n'kudekha: sabata yachiwiri kapena yachitatu mzere wa m'kopemo udzayamba kukwera wokha, ndipo kukwera kumeneko ndiwo umboni woti pansipo pali zamoyo zikugwira ntchito. Ukadzayamba kutsika patapita miyezi, chakudya chachepa. Kadzanja ka madeya a mpunga kosakaniza m'thope poyambirira kamatalikitsa moyo wa ndowa. Musachulutse, chifukwa thope limasasa ndipo opanga methane amalanda chakudyacho.

Kababu kanu sikanayake chifukwa LED yofiira imafuna mavolti pafupifupi 2, yoyera pafupifupi 3. Mufunika ndowa zisanu kapena zisanu ndi imodzi zolumikizidwa mondondozana, cathode ya iyi ku anode ya inayo, iliyonse ndi thope lake ndi madzi ake. Zikagawana madzi amodzi mavolti sawonjezekera. Dziwaninso kuti ndowa imodzi ikafooka pamzerepo imatembenuka n'kuyamba kudya mphamvu za zinzake. Njira ina ndi kusunga timagetsito mu capacitor kwa kanthawi kenako n'kutitulutsa kamodzi, babu n'kumaphethira. Wokonza mawailesi wa pa boma angakuthandizeni kulumikiza zimenezi.

Za foni ndiyankha mosapsatira, chifukwa ana amene kwawo kulibe magetsi sayenera kulonjezedwa zimene sizingachitike. Tiwerengere limodzi. Tinene kuti ndowa yanu yakonzeka ndipo ikuonetsa volti 0.3 pa resistor ya ma ohm 1000. Mphamvu yake ndi 0.3 kuchulukitsa ndi 0.3 kugawa ndi 1000, zomwe ndi mamiliwati 0.09. Batire la foni la 4000 mAh limasunga pafupifupi mawati 15 a ola limodzi. Ndowa imodziyo ingatenge zaka 19 kuti ilidzaze kamodzi. Kuti lidzaze tsiku limodzi pangafunike ndowa pafupifupi 7,000, ndipo apo sitinawerengere zotayika panjira. Kasola ka mawati 10 kamachita ntchito yomweyo m'maola ochepa. Dera lathu lino dzuwa ndiye chuma chake. N'chifukwa chake ku Salima kunamangidwa malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60 amene anayamba kugwira ntchito mu 2021. Ngati cholinga cha kalabu ndi kuti ana azitchaja foni ndi kuwerenga usiku, ndalama ya kalabu ipite ku sola.

Izi sizikutanthauza kuti mabatire a mabakiteriya ndi choseweretsa. Gulu la Ioannis Ieropoulos ku Bristol linapanga timabatire tambiri ta dothi lowotcha todyetsedwa mkodzo, ndipo mu 2013 linatchaja nato foni. Mu 2015 timabatireti tinawunikira zimbudzi pa chikondwerero cha Glastonbury, ndipo mu 2017 anakatiika pa sukulu ya atsikana ku Kisoro m'dziko la Uganda kuti kuchimbudzi kuziwala usiku. Asilikali apamadzi a ku America anayendetsapo kachipangizo koyeza nyengo pa mtsinje wa Potomac ndi magetsi a m'matope a pansi pa mtsinjewo. Ku Japan ndi ku Wageningen m'dziko la Netherlands ofufuza anaonetsa mu 2008 kuti zomera za m'madzi, kuphatikizapo mpunga, zimadyetsa mabakiteriya kudzera m'mizu ndipo magetsi amatuluka mbewu ili chikulire. Ntchito zonsezi ndi za mphamvu yochepa koma yosaleka, kapena zoyeretsa madzi oipa. Chimene chimandikhudza ine ndi chakuti dothi lowotcha lija, lolekanitsa zipinda ziwiri m'malo mwa kachikopa kodula, ndi luso limene amayi oumba mbiya kwathu kuno ali nalo kale m'manja. Kamphika kosapaka utoto kangakhale chipinda cha mkati cha batire lanu lachiwiri.

Za chitetezo cha ana musazitenge mopepuka. Madzi odekha a m'mbali mwa nyanja ndi m'madambo muli nkhono zofalitsa likodzo, ndiye wokatapa thope avale majombo ndi magolovesi, ndipo apite ndi munthu wamkulu wodziwa malowo chifukwa kumakhala ng'ona. Mwana akayamba kukodza magazi kapena kumva kuwawa pokodza apite kuchipatala msanga, mankhwala ake alipo, a praziquantel. Zoyesa ndi mkodzo, ndowe kapena madzi a m'chimbudzi musachite ndi ana pasukulu popanda alangizi a zaumoyo. Kolera timamudziwa bwino kuno kunyanja. Mabatire otsegula akhale a tochi wamba okha olembedwa zinc carbon, ndipo muzitsegula ndinu mutavala magolovesi. A alkaline ali ndi madzi owotcha, a foni amaphulika, a galimoto muli asidi ndi mtovu. Mankhwala alionse akagwera m'diso, tsukani ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 ndipo thamangirani kuchipatala.

Ngati patatha mwezi ndowa zokonzedwazo zikadali pansi pa volti 0.1 pa resistor, kapena ngati ana akufuna kupita patsogolo ndi batire la zipinda ziwiri, lemberani a dipatimenti ya za mphamvu ku Mzuzu University, a chemistry ku University of Malawi ku Zomba, kapena a LUANAR ku Bunda. Muwatumizire kope la manambala ndi zithunzi za mfundo za mawaya, chifukwa ndi zimene munthu wodziwa amayamba kuyang'ana.

Pakadali pano pali kafukufuku mmodzi amene ana angayambe Lolemba likubwerali osagula kanthu. Ikani ndowa imodzi pamene pamafika dzuwa, muthiremo madzi obiriwira a ndere pang'ono, inayo ikhale mumthunzi. Aziyeza 6 koloko m'mawa, 12 koloko masana ndi 5 koloko madzulo. Ndere zimatulutsa okosijeni dzuwa likawala ndipo zimamugwiritsa ntchito usiku, kotero ndowa ya padzuwa iyenera kukwera masana n'kutsika m'bandakucha. Kenako mwana mmodzi atenge pampu ya njinga apopere mpweya pang'onopang'ono m'madzi pafupi ndi cathode ya ndowa ya mumthunzi, osavundula thope, anzake akuyang'ana mita. Mundilembere manambala amene adzaone.